Kuphika, kudya ndi kuyenda m'tulo chifukwa cha zolpidem: lipoti la mayi wa zaka 49

Lipotili likunena za mayi amene ndinawathandiza kwa miyezi isanu ndi umodzi pa chipatala chaching'ono cha mumzinda wa Blantyre, kumene ndimagwira ntchito. Ndalilemba atandiloleza, ndipo ndachotsamo zonse zimene zingachititse kuti munthu awazindikire. Vuto limene anali nalo, lochita zinthu m'tulo atamwa mankhwala ogonetsa otchedwa zolpidem, si lachilendo m'mabuku a zamankhwala, pakuti lakhala likulembedwa kwa zaka zoposa 20. Chimene chandikakamiza kulemba ndi kutalika kwa nthawi imene inadutsa ife a chipatala tisanafunse funso loyenera, komanso kukula kwa zimene zinawonongeka m'nyumba mwawo m'kati mwa nthawiyo.

Mmene anafikira

Mayiwa ndi mphunzitsi wa ku sekondale, ndipo akhala akubwera kwa ife kwa zaka zinayi chifukwa cha matenda a shuga, amene ankawasamala bwino ndi metformin yekha. Tsiku limeneli anafika m'mamawa ndi mng'ono wawo, ali ndi matuza a moto kuseri kwa dzanja lamanja mpaka pamkono. Anandiuza kuti anadzidzimuka m'bandakucha chifukwa cha ululu, ali pabedi pawo, osadziwa chimene chawawotcha. Atapita kukhitchini anapeza chitofu cha magetsi chili choyaka, chiwaya chili pansi, mafuta atamwazika, ndipo pathebulo panali mbale ya ufa wosaphika wosakaniza ndi majarini ndi shuga, itadyedwa theka. Chilondacho sichinali chakuya, ndipo tinachitsuka n'kuchimanga monga mwa nthawi zonse. Koma munthu wamkulu wanzeru zake sapsa chonchi osakumbukira kalikonse, choncho ndinawapempha kuti akhale pansi andifotokozere kuyambira pachiyambi.

Amuna awo anali atamwalira miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, ndipo kuchokera pa malirowo tulo tinawathawa. Ankagona cha m'ma 10 koloko usiku n'kumangotembenuka mpaka tambala woyamba. Anawonjezera kuti akagona miyendo imawanyerenyesa ngati m'kati mwake mukuyenda nyerere, ndipo imaleka akangoimirira n'kuyendayenda. Chifukwa cha dandaulo limeneli, pamalo ena anawapatsa amitriptyline wa 25 mg poganiza kuti shuga wawononga mitsempha ya m'mapazi, ndipo zimenezi zinalembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala. Chimene sichinalembedwe m'kabukumo ndi mankhwala ena amene anali atamwa usiku uliwonse kwa masabata 11. Mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg, pomva chisoni kuti mayi ake sakugona, anawatumizira kudzera kwa munthu wa pa basi mapiritsi a Stilnox a 10 mg amene dokotala wa kumeneko anamulembera iyeyo. Stilnox ndi dzina la malonda la zolpidem, ndipo ku South Africa komweko sagulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Mayiwa sanawatchulepo kwa ife chifukwa kwa iwo amenewa sanali mankhwala a matenda, koma timapiritsi ta tulo ta kwa mwana wawo. Nanenso pa maulendo awiri apitawo ndinangowafunsa ngati akumwa bwino mankhwala awo, osawafunsa ngati pali chinanso chimene amamwa pofuna kugona.

Kamwedwe kake kanalinso kolakwika m'njira ziwiri. Ankameza piritsi akangomaliza kudya nsima yamadzulo, kenako n'kukhala pathebulo kuchonga makope a ana asukulu podikira kuti tulo tibwere. Ndiponso masiku ena akadzidzimuka cha m'ma 2 koloko ankamwa lachiwiri. Mowa samwa, ndipo analibe mbiri yoyenda m'tulo paubwana wawo ngakhale mwa abale awo.

Zimene zinkachitika m'nyumba

Mbiri yeniyeni ndinaimva kwa mng'ono wawo, chifukwa wodwalayo analibe chilichonse m'mutu choti anene za usiku. Patangotha masabata awiri chiyambire kumwa mapiritsiwo, chakudya chinayamba kusowa m'nyumba. Buledi wogula madzulo ankapezeka atatha, ndiwo zosungira mawa zitadyedwa, botolo la chiponde litakombedwa, ndipo tsiku lina mpunga wosaphika unapezeka utamwazika pansi. M'nyumbamo munali anthu atatu okha: mayiwa, mnyamata wa zaka 16 amene ndi mwana wa mng'ono wawo, ndi mtsikana wantchito amene anakhala nawo zaka zitatu. Mlandu unagwera mtsikanayo. Iye anakana mpaka kulira, koma anachotsedwa ntchito n'kubwerera kumudzi kwawo ali ndi dzina la kuba. Atachoka, chakudya chinapitiriza kusowa.

Pa nthawi yomweyo shuga wawo wa m'mamawa anayamba kukwera popanda chifukwa chooneka, ndipo thupi linawonjezera makilogalamu 6, kuchoka pa 68 kufika pa 74. Iwo ankalumbira kuti sanasinthe kadyedwe, ndipo ankanena zoona monga mmene ankadziwira. Ankadzuka opanda njala, mimba itadzaza, nthawi zina m'kamwa muli zotsalira za chakudya. Ine nditaona kuti HbA1c, imene imasonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, yakwera kuchoka pa 7.1 kufika pa 8.9 peresenti ndinawawonjezera mankhwala ena otsitsa shuga, glibenclamide wa 5 mg m'mawa, ndipo ndinawalangizanso za kadyedwe ngati munthu amene akubisa zimene amadya.

Amene anaona koyamba ndi mnyamata uja, usiku wina akuwerengera mayeso. Anaona mayi ake aakulu akutuluka kuchipinda maso ali tong'o koma osayang'ana chinthu, n'kulowa kukhitchini, kutsegula fuliji ndi kuyamba kudya ndi manja mwaphuma. Atawalankhula anayankha mawu osamveka bwino n'kupitiriza kudya, ndipo patatha mphindi ngati 20 anabwerera okha kukagona. M'mawa atawauza, anamukalipira kuti akuwanamizira. Ulendo wotsatira mnyamatayo anawajambula pa foni, ndipo kanemayo ndi amene ndinamuonera ine muofesi. Chimene chinaliopsa kwambiri banjali chinachitika sabata imodzi asanapse. Mlonda wa nyumba yoyandikana nayo anawapeza cha m'ma 1 koloko usiku ataimirira pamsewu kunja kwa mpanda, opanda nsapato, atavala chovala chogonera chokha, kumaso kuli mbuu ndi ufa. Aliyense wa kuno akudziwa mmene nkhani yotere imamvekera: mayi wamasiye, amuna ake atamwalira posachedwa, wapezeka panja pakati pa usiku, ndipo m'mawa akukana kuti sanatuluke. Dzuwa lisanalowe mawu akuti kutamba anali atayenda kale m'dera lonselo. Achibale ena a malemu anayamba kufunsa za imfa ya m'bale wawo, ndipo a kumpingo anabwera kawiri kudzachita mapemphero a usiku. Mayiwa, amene ndi munthu wopemphera, anafika poganiza kuti mwina alidi ndi chinthu choipa m'thupi mwawo chimene iwo sakuchidziwa, ndipo anandiuza zimenezi akugwetsa misozi.

Zimene tinapeza powayeza

Masana anali munthu wabwinobwino, wodziwa tsiku ndi malo, wokumbukira bwino zinthu zakale ndi zatsopano. Kuthamanga kwa magazi kunali 132/84, ndipo sindinapeze kufooka kwa ziwalo kapena kunjenjemera. Mapazi ankamva bwino kukhudza ndi kugwedera, zimene zinandikayikitsa kuti shuga wawononga mitsempha. Zikope ndi zikhatho zinali zoyererako. Magazi anali 10.4 g/dL, maselo ofiira ali aang'ono, MCV 74, ndipo ferritin, amene amasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, anali 9 yekha. Nditafunsa anavomera kuti kwa chaka chathunthu akhala akutaya magazi ambiri posamba, ndipo sikani inaonetsa zotupa za m'chiberekero. Chiwindi, impso ndi chithokomiro zinali bwino. Tinawayezanso HIV, analibe. Ndinafuna kudziwa zimenezi chifukwa ritonavir, amene ali m'ma ARV ena a mzere wachiwiri, amachedwetsa chiwindi kuphwanya zolpidem, pamene rifampicin wa TB amafulumizitsa. Pa mafunso oyezera kukhumudwa otchedwa PHQ-9 anapeza 8, kutanthauza kukhumudwa pang'ono kogwirizana ndi chisoni cha imfa, ndipo analibe maganizo ofuna kudzipha.

Panali matenda anayi ofunika kuwachotsa ndisananene kuti olakwa ndi mapiritsi. Loyamba, ndipo loopsa kwambiri kwa munthu womwa glibenclamide, linali kutsika kwa shuga usiku, kumene kumatha kumusokoneza munthu n'kumuyendetsa kukafuna chakudya. Koma kudya kwa usikuku kunayamba mwezi wathunthu glibenclamide asanalembedwe, ndipo mnyamata uja, amene amadziwa kugwiritsa ntchito kamakina koyezera, anali atawayezapo usiku wina n'kupeza 11.2 mmol/L. Lachiwiri linali khunyu la usiku, makamaka lochokera kutsogolo kwa ubongo. Khunyu lotere limakhala la masekondi kapena mphindi imodzi kapena ziwiri, limabwereza mayendedwe amodzimodzi, ndipo silimufikitsa munthu potsegula fuliji n'kusankha chakudya. EEG, yoyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito, imene anakajambulitsa ku chipatala chachikulu inali yabwino. Lachitatu, kuchita zimene munthu akulota, kumene kumachitika m'tulo ta maloto totchedwa REM, kumabwera makamaka kukuyandikira kucha, munthu ali chitsinzire pabedi akumenya kapena kukuwa, ndipo akadzuka amakumbukira lotolo, zomwe sizinali choncho kwa mayiwa. Lachinayi, kuyamba kwa matenda oiwalaiwala kapena a misala sikunagwirizane ndi munthu amene masana amaphunzitsa bwinobwino. Kuyeza tulo usiku wonse ndi makina sitinachite, motero kubanika m'tulo sindinakuchotse kotheratu, ngakhale kuti a m'nyumba anati saliza nkonono.

Chimene chinatsala ndi ichi: kudya ndi kuyenda m'tulo koyambitsidwa ndi zolpidem, mwa munthu amene kusowa tulo kwake kunkachokera ku chisoni komanso ku matenda a miyendo yosakhazikika obwera chifukwa cha kuchepa kwa ayironi. Amitriptyline, amene amadziwika kuti amakulitsa vuto la miyendoli, ankangothira mafuta pamoto.

Mmene mankhwalawa amachitira zimenezi

Zolpidem amakagwira pa malo a m'ubongo otchedwa GABA-A, amene ntchito yake ndi kutontholetsa maselo, ndipo amakonda kwambiri mtundu wokhala ndi kachigawo ka alpha-1, komwe kamakhudzana ndi kugonetsa ndi kuiwalitsa. Amayamba kugwira ntchito msanga, ndipo theka lake limachoka m'magazi pakatha pafupifupi maola awiri ndi theka. Munthu akadzutsidwa pang'ono kuchoka m'tulo tofa nato mankhwalawa akadali ambiri m'magazi, mbali za ubongo zoyendetsa thupi zimatha kudzuka pamene mbali zoganiza, zodziletsa ndi zosunga zochitika zikadali m'tulo. Thupi limachita zimene linazolowera, monga kutsegula chitseko, kuyatsa chitofu ngakhale kuliza galimoto, popanda woliyang'anira ndiponso popanda kusunga chilichonse choti munthuyo adzakumbukire. N'chifukwa chake kukana kwa mayiwa sikunali bodza. Kwa iwo chowadzutsa chinalipo usiku uliwonse, chomwe ndi miyendo ija, ndipo chizolowezi chokhala pathebulo atamwa kale piritsi chinkachititsa kuti mphamvu ya mankhwala iwapeze ali chiimire.

Kugwirizana kwa zinthu ziwirizi kunalembedwa kale. Mu 2002 madokotala awiri a ku chipatala cha Mayo Clinic ku America, Timothy Morgenthaler ndi Michael Silber, anafotokoza za odwala asanu amene ankadya usiku osakumbukira atayamba kumwa zolpidem, ndipo onse asanu anali ndi vuto la miyendo yosakhazikika. Mu 2007 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linapempha kuti pa mankhwala ogonetsa palembedwe chenjezo la makhalidwe otere, ndipo Australia inaika chenjezo lamphamvu pa zolpidem mu 2008. Mu Januwale 2013 FDA inatsitsa mlingo woyambira wa amayi kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg, itaona kuti matupi a amayi amachedwa kuchotsa mankhwalawa, moti ena amadzuka akadali nawo ochuluka m'magazi mokwanira kusokoneza kuyendetsa galimoto. Kenako pa 30 Epulo 2019 inaika chenjezo lake lalikulu kuposa onse pa zolpidem ndi mankhwala ena awiri ogonetsa, eszopiclone ndi zaleplon, itapenda nkhani 66 za zaka 26 za anthu amene anavulala kwambiri kapena kumwalira akuchita zinthu ali m'tulo. Mwa iwo 20 anamwalira, ndipo zina mwa zimene zinachitika ndi kugwa, kupsa, kumira m'madzi, ngozi za galimoto ndi kudziwombera ndi mfuti. Ena zinawachitikira pa mlingo wotsikitsitsa, ena atangomwa kamodzi, ngakhale popanda mowa. Kuyambira pamenepo lamulo lake n'lakuti munthu amene zinamuchitikirapo asapatsidwenso mankhwala atatuwa. Mayi wathu ankamwa mlingo wowirikiza kawiri mlingo woyambira wa amayi umene FDA inakhazikitsa, ndipo masiku ena wowirikiza kanayi.

Chithandizo

Ndinawauza kuti asiye zolpidem tsiku lomwelo. Ndinaganizirapo zochepetsa pang'onopang'ono, chifukwa munthu amene wamwa kwa masabata 11 thupi lake limakhala litazolowera, ndipo osiya mwadzidzidzi milingo ikuluikulu amatha kukomoka. Koma masiku ambiri ankamwa piritsi limodzi, ndipo ndinaona kuti usiku wina umodzi pafupi ndi mafuta owira kapena pamsewu n'ngoopsa kuposa masiku ochepa osagona. Sindinawapatse mankhwala ena ogonetsa monga diazepam kapena zopiclone m'malo mwake, ngakhale mng'ono wawo anapempha, chifukwa onsewa amagwira pa malo omwewo a m'ubongo. Amitriptyline tinasiyanso, popeza mlingo wake unali wochepa. Glibenclamide ndinamuchotsa nthawi yomweyo, ndipo apa ndikufuna anzanga a ntchito amvetse bwino: munthu amene shuga wake ankakwera chifukwa chodya usiku, akasiya kudyako akadali pa mankhwala amphamvu otsitsa shuga, akhoza kukomoka m'tulo. Ndinawayambitsa mapiritsi a ayironi, ferrous sulphate wa 200 mg, kamodzi pa tsiku, osamwera tiyi, ndipo ndinawatumiza kwa dokotala wa matenda a amayi chifukwa cha zotupa zija.

Mng'ono wawo anavomera kugona nawo chipinda chimodzi kwa masabata awiri, kukiya khitchini ndi chitseko cha panja n'kusunga makiyi, komanso kuzimitsa chitofu pa switchi ya pakhoma. Ndinawalangiza kuti akawaona akuyenda asawagwedeze kapena kuwakuwira, koma awatsogolere mofatsa kubwerera pabedi. Ndinawachenjezanso kuti masiku oyamba tulo tidzasowa kuposa kale, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti akufunika mapiritsi aja. Zinachitikadi choncho kwa masiku asanu. Pa za kusowa tuloko tinagwiritsa ntchito njira yosintha maganizo ndi zizolowezi yotchedwa CBT-I, imene bungwe la madokotala la American College of Physicians linanena mu 2016 kuti ndiyo iziyambirira kwa akuluakulu osowa tulo kwa nthawi yaitali. Ankadzuka 5 koloko tsiku lililonse ngakhale atagona mochedwa, sankalowa m'bedi mpaka tulo titawagwira, ankatuluka kuchipinda akaona kuti akungotembenuka, ndipo analeka tiyi wamadzulo ndi kugona masana. Zonse ankalemba m'kope limene tinkaona limodzi pakatha masabata awiri alionse. Nthawi yambiri ya maulendo amenewo inkathera pa kukamba za amuna awo.

Ndinachitanso chinthu chimene sichipezeka m'mabuku a chithandizo. Mwa pempho la mayiwa ndinaitana achibale atatu, mmodzi wa kuchimuna, pamodzi ndi mkulu wa mpingo, ndipo ndinawaonetsa bokosi la mankhwala ndi kapepala ka m'kati mwake, pamene opanga analemba okha za kuyenda, kuphika ndi kudya m'tulo osakumbukira. Sindinatsutse chikhulupiriro cha aliyense. Ndinangowapempha kuti awerenge masiku kuchokera pamene mapiritsi asiyidwa, aone ngati mayiwa adzatulukenso.

Zotsatira

Kuyambira usiku woyamba atasiya, sanadzukenso kukadya kapena kuyenda kwa masabata asanu. Kenako kunali mwambo wa chikumbutso cha amuna awo kumudzi, ndipo atalephera kugona masiku awiri anameza piritsi limodzi limene linatsalira m'chikwama. Usiku womwewo mng'ono wawo anawapeza pakhomo la nyumba akutafuna ufa wa m'thumba, ndipo m'mawa sanakumbukire kanthu. Dokotala sangamwetse dala wodwala mankhwala amene anamuvulaza pofuna umboni, koma popeza zinachitika zokha, zinachotsa kukayika kumene kunatsala. Pa muyeso wa Naranjo, umene umathandiza kuona ngati vuto lachokera ku mankhwala, nkhaniyi inapeza 7, m'gulu la 5 mpaka 8 limene limatanthauza kuti mankhwalawo ndiwo akuoneka kuti achititsa. Ndinachotsapo imodzi chifukwa miyendo yosakhazikika ndi amitriptyline zikanathanso kuthandizira. Chodabwitsa n'chakuti kubwereza kumeneku n'kumene kunakhutiritsa achibale a kuchimuna kuposa mawu anga onse, chifukwa anaona okha kuti piritsi likalowa zimachitika, likapanda kulowa sizichitika.

Ndinalemba ndi zilembo zazikulu pa tsamba loyamba la kabuku kawo kuti asapatsidwenso zolpidem, zopiclone, eszopiclone kapena zaleplon, ndipo ndinadzaza fomu yodziwitsa za mavuto a mankhwala imene imapita ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe loona za mankhwala m'Malawi, ngakhale kuti mankhwalawo sanagulidwe m'dziko muno. Mwana wa ku Johannesburg ndinalankhula naye pa foni mayi ake ali pomwepo. Anadziimba mlandu kwambiri, ndipo ndinamuuza kuti cholinga chake chinali chabwino, koma dokotala amene anamulembera iye sanawaonepo mayi ake, sanadziwe za shuga wawo, za miyendo yawo kapena za mankhwala ena amene ankamwa. Ndinamupemphanso kuti nayenso afunse amene amakhala naye ngati anaonapo zachilendo usiku, n'kukauza dokotala wake.

Pakutha kwa miyezi itatu magazi anali atafika 12.3 g/dL ndipo ferritin 41. Kunyerenyesa kwa miyendo kunachepa kwambiri, koma ayironi tinapitiriza chifukwa pa vuto limeneli timafuna ferritin apitirire 75. Pa miyezi isanu ndi umodzi ankagona maola asanu ndi limodzi popanda piritsi lililonse, thupi linabwerera pa makilogalamu 69, HbA1c inali 7.0 peresenti pa metformin yekha, ndipo padzanja panangotsala chipsera. Pa ulendo womaliza anandiuza kuti anakwera minibasi kupita kumudzi kwa mtsikana wantchito uja, atatenga malipiro a miyezi imene anamuchotsa, n'kukapepesa pamaso pa makolo ake ndi anyakwawa. Mtsikanayo analandira ndalamazo ndi kupepesako, koma anakana kubwerera ku ntchito.